Mwana wanga akumuuza asiye History chifukwa "ndi ya ana ofooka": ndithandizeni maganizo

Mayi_wa_Atatu
Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Mwana wanga wachisamba, mtsikana, wangolowa Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kuno kwathu. JCE anakhoza bwino ndithu, koma mtima wake wonse uli pa History ndi Geography. Ndi mwana woti tikakhala pamkeka madzulo amayamba kutifotokozera za Kalonga, Undi ndi Lundu, mmene ufumu wa Maravi unakulira kuchokera ku Mankhamba, mpaka nsima kuuma m'mbale azing'ono ake ali kukamwa yasa. Lolemba wabwera maso ali psuu. Akuti onse amene anakhoza bwino awaika m'kalasi ya sayansi, ndipo kumeneko History kulibe chifukwa nthawi yake ndi imodzi ndi ya Physics. Atapita kukadandaula, mphunzitsi wina wamuuza kuti History ndi ya ana ofooka, iye mutu wake ndi wakuthwa asauwononge. Bambo ake agwirizana ndi aphunzitsiwo, akuti mbiri yakale sigula ufa. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndiye za mapointi ndi za ku yunivesite ndafuna ndimve kwa inu amene munadutsamo. Ndimukakamize amvere, kapena ndipite ndikaonane ndi ahedi? Kodi n'zoona kuti maphunziro amenewa anatha ntchito?

Kabaza265
Bambo akewo sakunama. Ine pa MSCE History ndinapeza 2, BK (Bible Knowledge) 3, Social 3. Lero ndili pa siteji ndi njinga yamoto ya eni ake, tsiku lililonse ndiyambe ndapeza ya bwana ndisanaganize za ndiwo. Palibe anandifunsapo za pangano la Versailles. Mwanayo agwire sayansi basi.

Mzamba_Wausiku
Mayi, musathamange ndi chisoni chokha. Ngati mwanayo ali ndi maganizo ngakhale pang'ono a unamwino, udokotala, za mankhwala kapena uinjiniya, Physics asaisiye. Ku mayunivesite a KUHeS (ya zaumoyo) kapena MUBAS (komwe kuli uinjiniya) sakafunsa kuti umakonda chiyani, akayang'ana Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics. Khomo limenelo akalitseka ku Fomu 3, kulitsegulanso n'kovuta. History akhoza kudzawerenga payekha atakula.

ChokoNdiBolodi
Mayi, ine ndine mphunzitsi wa History ndi Social, chaka chino n'cha 17 ndili ndi choko m'manja. Poyamba ndikupepeseni chifukwa cha mawu a mnzangayo. Mphunzitsi sayenera kuuza mwana kuti phunziro lakuti ndi la ofooka. Tsono ndifotokoze gwero la vutoli kuti mukapita kwa ahedi mukapite mukudziwa.

Kale kunali phunziro limodzi la Physical Science. Silabasi ataiunikanso ku Malawi Institute of Education ku Domasi, analigawa pawiri, Physics payokha, Chemistry payokha. Maganizo ake sanali oipa. Koma sabata ya sukulu sinatalike, idakali Lolemba mpaka Lachisanu, mapiriyodi ndi omwe aja. Mlendo akawonjezeka pamphasa wina amasendera kumphepete, ndiye osenderawo akhala History, Geography ndi BK. Masukulu ambiri amangoziika pa nthawi imodzi ndi phunziro la sayansi kuti mwana atole chimodzi. M'ma CDSS, masekondale oyendera aja, mulinso vuto la kuchepa kwa aphunzitsi, moti ahedi amapanga thaimutebulo potengera anthu amene ali nawo, osati zimene ana akufuna.

Tsopano za mapointi, gwirani bwino apa. Pa MSCE, MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa, ndipo Chingerezi sichithawika. Pa kuwerengera kumeneko, 1 wa History ndi 1 wa Physics kulemera kwake n'kumodzi. Ndiye mukamulanda mwana phunziro limene akanapeza 1 n'kumupatsa limene akapeze 6, mwamuwonjezera mapointi asanu, ndipo pa MSCE mapointi akachuluka ndiye kuti zaipa. Amzamba akunena zoona kuti pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake ofunika. Koma funso loyamba ndi ili: Physics ndi Masamu mwanayo amachita bwanji?

Mayi_wa_Atatu
Zikomo aphunzitsi. Masamu amayesetsa, sali kumbuyo koma salinso kutsogolo. Physics amakhoza koma amati amangoloweza, sakuimvetsa, pakuti pasukulupo labotale palibe. Zonse amajambulirana pabolodi. Ndikamufunsa ntchito imene akufuna amati uloya kapena utolankhani.

InjiniyaWaMadzi
Apo ndiye pali nkhani. Kalasi ya sayansi yopanda labotale, mwana sanagwirepo ngakhale batire ndi waya, koma tikuti tikumukonzera tsogolo. Ine ndine wa sayansi ndipo ndimaikonda, koma tisanamizane. Komanso ndani anati Geography ndi yopepuka? Pa ntchito yanga yoyala mapaipi a madzi, chimene ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse ndi kuwerenga mapu komwe ndinaphunzira ku Fomu 3. Mizere ya makontuwa ikathithikana ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri, ikatalikirana ndi chigwa. Usanaike thanki uyenera kudziwa kuti madzi atsetsereka kulowera kuti. Mtsikanayo Geography asaitaye zivute zitani.

Mzamba_Wausiku
Ali ndi zaka zingati kuti tikhulupirire kuti uloya ndiye ntchito yake? Ine ndili Fomu 2 ndinkafuna kukhala woulutsa mawu pa wailesi. Ana amasintha. N'chifukwa chake ndikuti asunge makomo ambiri otsegula.

ChokoNdiBolodi
Amzamba, pa mfundo ya makomo ndikugwirizana nanu. Pomwe ndikukana ndi paja mwati History akhoza kudzawerenga payekha atakula. Mawu amenewo ndawamva kwa makolo ambiri, koma odzawerengawo sindinawaone. Ndiponso History si kudziwa zaka zokha ayi. Ndipereke chitsanzo cha zimene ndimachita m'kalasi.

Pa 3 Marichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko la Nyasaland lili pa chiopsezo. Boma lake linati a Congress anakonza chiwembu chopha azungu. Kamuzu anagwidwa n'kutumizidwa kundende ya ku Gwelo. Ku Nkhata Bay asilikali anawombera anthu amene anasonkhana padoko pomwe panali sitima ya Mpasa yonyamula omangidwa. Chaka chomwecho boma la Britain linatumiza komiti yofufuza yotsogozedwa ndi woweruza milandu Patrick Devlin, ndipo komitiyo sinapeze umboni wa chiwembu chopha azungu mwaunyinji monga boma linkanenera. Ine ndimaika mbali ziwirizo patsogolo pa ana n'kuwafunsa: wanena izi ndani? Amafuna kupindulanji? Umboni wake uli kuti? Wina wasiyidwa osafunsidwa ndi ndani? Kalasi imatentha, ana amatsutsana mpaka belu kulira osamva. Luso limenelo ndi lomwe loya amadyera, mtolankhani amadyera, ndipo ndi lomwe limamuteteza munthu uthenga wabodza ukafika pa WhatsApp usiku. Payekha munthu saliphunzira, limafuna anzako okutsutsa ndi wina wowongolera.

Mwana_wa_Fomu4
Sir, kukanakhala kuti onse amaphunzitsa ngati inu bwenzi tonse tikutenga History. Kwathu aphunzitsi amalowa, amapatsa mmodzi wa ife kope lawo lakale loti masamba ake anachita kufiira, iye n'kumakopera pabolodi ife n'kumalemba. Piriyodi yatha. Buku la History ndi limodzi pa ana khumi ndi awiri, ndipo limagona mu ofesi. Takhala teremu yathunthu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, League of Nations, Mussolini ndi Hitler. Mitu ya kumapeto yokhudza dziko lathu litalandira ufulu sitinaifike, akuti tiwerenge tokha. Anzanga ambiri anaidropa osati chifukwa n'ngofooka koma manotsi ndi ochuluka ndipo mafunso olemba ndime zazitali amawaopa chifukwa cha Chingerezi.

Kabaza265
Mwanayu wanena zenizeni. Kuloweza basi. Mayeso akatha zonse zimauluka.

Gogo_Mpumulo
Mdzukulu wanga wa Fomu 4, zimene wanenazo zandikhudza. Ine ndinayamba kuphunzitsa mu 1971 ndipo ndinapuma kalekale. M'masiku athu mitu ya kumapetoyo sitinkaisiya chifukwa cha nthawi, tinkaisiya chifukwa cha mantha. Dzina la Chipembere kapena Chiume sunkalitchula m'kalasi. Ana ankangomva kuti kunali zigawenga. Chimene chinachitika mu 1964, patangotha miyezi iwiri tilandire ufulu pa 6 Julayi, pamene nduna zinasemphana ndi Kamuzu, palibe ankachifotokoza. Zifukwa zake zinali zomveka: tiki imene anthu ankati azilipira ku chipatala, kuchedwa kopatsa Amalawi maudindo m'boma, ndi ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa, enanso monga Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere anatula pansi maudindo. Yatuta anaphedwa mu 1967. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ife tinkaphunzitsa ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, n'kutseka pakamwa pa zinazo. Ndikukumbukira mnyamata wina wa ku Mangochi anakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chimene mudzi wa kwawo unasamutsidwira. Ndinamuuza kuti akhale pansi, ndipo mpaka lero nkhope yake ndimaiona. Tsono lero ufulu wophunzitsa zimenezi ulipo, ndiye tikuutaya tokha ndi manja athu chifukwa cha thaimutebulo? Zimandiwawa.

WaKuMtunthama
Gogo, ulemu wanu, koma musamangotchula zoipa zokha. Ngwazi yomweyo inamanga Kamuzu Academy kwathu kuno mu 1981, ndipo inalamula kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Munthu amene anali dokotala koma ankalemekeza maphunziro a mbiri ndi zilankhulo kuposa atsogoleri ambiri. Misewu, yunivesite, likulu ku Lilongwe, zonsezo ndi mbirinso.

Gogo_Mpumulo
Mwanawe, sindinakane zimenezo. Zonse ziwiri ziphunzitsidwe, zomanga ndi zogwetsa zomwe. Mwana amve za Academy, amvenso za kuphedwa kwa Matenje, Gadama, Sangala ndi Chiwanga ku Thambani mu 1983. Akamva zonse adzayeza yekha.

Zomba_Boy
Nanga a pambuyo pa 1994 anali angelo? Aliyense ali ndi zake. Tikayamba kuwerenga apa sitigona.

Woyang'aniraGulu
Abale, ndale zachipani tizisiye pakhomo. Mayi afunsa za mwana wawo. Tibwerere komweko.

WapaJoni
Ndiloleni ndiikepo yanga, ndi ya mbiri koma si ya zipani. Ndimagwira ntchito ya zomangamanga kuno ku Johannesburg. Tsiku lina pa nkhomaliro mdala wina wa kuno, wa bungwe la apantchito, atamva kuti ndine Mmalawi anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena kuti ndiwe wa kwawo kwa Kadalie. Ine ndinangoti kakasi, dzinalo ndinali ndisanalimvepo. Iye ndiye anandiphunzitsa kuti Clements Kadalie anali wa ku Nkhata Bay, anaphunzira ku Livingstonia, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town limene linagwedeza dziko lino. Nditabwerera kuchipinda ndinaimbira malume anga kumudzi, iwo n'kundiuzanso za agogo amene anabwera kuno pa Wenela, ndi za ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Ine History ndinaidropa ku Fomu 2. Kuno anthu ena amatitenga ngati tinangobwera dzulo kudzawalanda ntchito, ndipo ukakhala wosadziwa kuti makolo ako anakumba nawo golide wa mzinda uno, umangoweramitsa mutu. Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda mosiyana.

Kabaza265
Achimwene, nkhani yabwino. Koma mwapita ku Joni chifukwa chosowa ntchito kuno, si choncho? Ndiye tabwerera pomwe paja.

WapaJoni
Ee, ndipo amene ndimagona naye chipinda chimodzi ali ndi dipuloma ya zamagetsi. Ulova sukusankha phunziro.

NyumbaYaMalamulo
A Kabaza, ndikumva kuwawa kwanu ndipo sindikukutsutsani kuti ntchito n'zosowa. Koma ndikufunseni: apolisi akakugwirani pamsewu, mumadziwa kuti malamulo aakulu a dziko lino amati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48? Mumadziwa kuti belo ya apolisi ndi yaulere? Ine ndimathandiza anthu pa nkhani za malamulo m'midzi, ndipo zimenezi ndinayamba kuzimva mu Social. Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wamasiye, achibale a malemu amuna ake atamulanda nyumba, mbuzi ndi makina osokera. Amene anamubweretsa ndi mwana wake wa Fomu 3, atanyamula kope lake la Social m'jumbo. Anatsegula tsamba n'kundionetsa pomwe analemba kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. N'zoonadi, lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye limatero. Mayiyo makina ake anabwezedwa. Phunziro limenelo linagula ufa m'nyumba imeneyo.

Che_Mangochi
Poti tikukamba maphunziro amenewa, pali lina limene mukulidumpha. Mu 2000, nthawi ya a Muluzi, boma linabweretsa Religious and Moral Education kuti ilowe m'malo mwa BK, kuti ana aziphunzira za Chikhristu, Chisilamu ndi zipembedzo za makolo pamodzi. Mipingo inakana, ndipo mapeto ake anati onse awiri akhalepo, sukulu izisankha. Koma pitani m'masukulu mukaone. Kumene kuli mwana wanga kuli BK yokha. Iye ndi Msilamu, akufuna phunziro loti limuthandize mapointi, ndiye akutenga BK. Sindikudana ndi Baibulo, koma mnzake wa pa desiki sadzaphunzira kalikonse za chipembedzo cha mwana wanga, pomwe akukhala mudzi umodzi.

MayiBusa_Ntcheu
Che Mangochi, BK inaumba anthu ambiri m'dziko muno ndipo masukulu ambiri anamangidwa ndi mipingo, ndiye musadabwe kuti amaikakamira. Komabe dandaulo lanu ndalimva. Pamene pali ana a zipembedzo zosiyana, onse awiri aziphunzitsidwa. Vuto ndi lomwe lija, mphunzitsi wake atuluka kuti?

Che_Mangochi
Mayi busa, mwayankha mwaulemu, zikomo. Ndi zomwezo ndikupempha, osati kuchotsa BK.

WaKuChilobwe
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma pa Geography ndilankhulepo. M'Marichi 2023, namondwe Freddy atafika, ine ndinali kuchita lendi m'munsi mwa phiri la Soche. Mvula inagwa masiku osalekeza. Mchemwali wanga wamng'ono, amene nthawi imeneyo anali Fomu 4, anatuluka panja madzulo n'kuona kuti madzi a m'ngalande ya kuseri kwa nyumba asanduka ofiira, olemera ngati phala, ndipo akubwera ndi timiyala ndi mizu ya mitengo. Anabwerera akunjenjemera, akuti achimwene tichoke, aphunzitsi anatiuza kuti dothi la paphiri lopanda mitengo likakhuta madzi limatsetsereka lonse, ndipo nyumba ino ili m'njira ya madzi. Ndinamukalipira kuti tipita kuti usiku uno. Analimbikira mpaka kulira. Tinanyamula mabulangete ndi mwana n'kupita kwa mnzanga kumunsi, kufupi ndi msewu. M'mawa mwake pamene panali nyumba yathu panali miyala ikuluikulu ngati galimoto. Anansi athu ena sitinawaonenso. Sindikufuna kunena zambiri. Koma munthu asandiuze kuti Geography ndi ya ofooka.

MayiBusa_Ntcheu
Pepani kwambiri achimwene. Mulungu apitirize kukutonthozani.

MlimiWaFodya
Pepani ndithu. Koma tisaiwale kuti anthu samanga m'phiri chifukwa chosadziwa Geography. Amamanga chifukwa malo abwino mu Blantyre ndi odula. Agogo athu sanapite kusukulu koma ankadziwa za Napolo, ankadziwa kuti m'khwawa samangamo.

InjiniyaWaMadzi
A Mlimi, zonse ziwiri n'zoona. Umphawi ndi umene umakankhira anthu kumeneko. Koma amene amagawa malo, amene amavomereza mapulani, makhansala ndi mafumu a m'tauni, onsewo anadutsa m'sukulu. Napolo amene mukunenayo anagwetsa Zomba mu 1946, anabweranso ku Phalombe mu 1991 kuchokera m'phiri la Michesi. Zinalembedwa, malo ake amadziwika. History ndi Geography zikanakhala m'mitu mwa anthu ogawa malo, bwenzi ena ali moyo. Onaninso namondwe Ana mu Januwale 2022, anawononga damu la Kapichira magetsi n'kumazimazima m'dziko lonse miyezi yambirimbiri. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mitengo ikatha kumtunda, matope amadzaza m'madamu. Injiniya amakonza makina, koma wosamala za kumtundako ndi munthu womvetsa za malo ndi za anthu okhala kumeneko.

MlimiWaFodya
Chabwino. Koma ndiyankheni mosapsatira: mwana akatenga History ndi Geography, akathera kuti? Kupatula uphunzitsi.

ChokoNdiBolodi
Uphunzitsi musaupatule ngati ndi matenda, a Mlimi, ndi ntchito ndipo aphunzitsi a maphunziro amenewa akusowa. Domasi ndi Nalikule amaphunzitsa aphunzitsi a sekondale. Ku UNIMA ku Zomba kuli malamulo, maphunziro a za chikhalidwe cha anthu, zilankhulo, mbiri ndi za kayendetsedwe ka boma. Ku MUBAS kuli utolankhani komanso zoyeza malo ndi kukonza mapulani a mizinda. Ku Mzuni kuli zokopa alendo ndi za malo. Ngakhale MUST ya ku Thyolo, yomwe dzina lake ndi la sayansi, ili ndi sukulu ya za chikhalidwe yotchedwa Bingu School of Culture and Heritage. Ntchito zake ndi m'makhoti, m'nyumba zoulutsa mawu, m'makhonsolo, ku nthambi ya zanyengo, ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, kosungira zakale ku Zomba, m'malo ngati Chongoni ku Dedza komwe zojambula za pamiyala zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Sindikulonjeza kuti aliyense apeza ntchito. Chimodzi chokha ndichenjeze: mapulogalamu ambiri, ngakhale a mbali imeneyi, amafuna kirediti ya Masamu, ndiye Mayi, Masamu ndi Chingerezi mwanayo azigwire ndi manja awiri. Ndipo chaka chilichonse bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE limatulutsa chikalata chosonyeza zimene pulogalamu iliyonse ikufuna. Pemphani ahedi akuonetseni cha chaka chatha, muwerenge limodzi ndi mwanayo ndi bambo ake.

Mzamba_Wausiku
Apa ndiye tagwirizana. Ine nkhawa yanga inali yoti asasankhe ndi mtima wokha. Ngati Physics akungoloweza popanda labotale ndipo maso ake ali ku malamulo, sindingamukakamize. Koma Biology asaisiye. Ndiponso ndivomere, ku wodi ya amayi theka la ntchito yanga ndi kumvetsa miyambo ya anthu, chifukwa chimene mayi wachedwera kubwera, amene amalamula pakhomo pake, mankhwala amene wamwa kumudzi. Zimenezo mu Chemistry mulibe.

Mwana_wa_Fomu4
Mayi, muuzeni mnzangayo kuti ngati sukulu ikukana, akhoza kulembetsabe History pa mayeso n'kumaphunzira masana ndi anzake. Kwathu alipo atatu akuchita choncho. Koma ndi ntchito, asaganize kuti n'zophweka.

ChokoNdiBolodi
N'zotheka, koma zidutse kwa ahedi chifukwa ndiwo amatumiza mayina ku MANEB. Ndipo musamusenzetse maphunziro ambiri mpaka onse n'kufooka. Asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi ndi okwanira.

Mayi_wa_Atatu
Abale, ndabweranso. Usiku wa Lachitatu ndinawapatsa foni bambo ake kuti awerenge okha zonse mwalembazi. Anawerenga mwakachetechete, atafika pa nkhani ya achimwene a ku Chilobwe anaika foni pansi kwa kanthawi. Sananene kuti asintha maganizo, anangoti mawa tipitire limodzi.

Dzulo tinapitadi. Ahedi anatilandira bwino, anatikhazika mu ofesi n'kutitsitsira thaimutebulo imene inali pakhoma. Ndinaona ndi maso anga: dzina la mphunzitsi mmodzi likupezeka pa History, Social ndi BK kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Munthu mmodzi. Ahediwo akuti si kuti amadana ndi History, koma munthuyo sangakhale m'makalasi awiri nthawi imodzi. Za mawu aja oti ndi ya ofooka anapepesa, akuti akambirana ndi mwini wake.

Tagwirizana chonchi. Mwana akhalabe m'kalasi ya sayansi teremu ino, ndipo Geography aitenga chifukwa imeneyo sigundana ndi china. Mphunzitsi wa History anaitanidwa, ndi bambo wachikulire wofatsa, ndipo atamva dzina la mwana wanga anamwetulira n'kunena kuti ameneyo sangamutaye. Wavomera kuphunzitsa Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka, ngati papezeke ana khumi ndipo komiti ya makolo ivomereze. Teremu ikatha tidzaona zotsatira za Physics, ndiye tidzasankhe ngati apitirize nayo kapena ayi. Bambo ake ndi amene anafunsa za chikalata cha NCHE chija, ndipo ahedi alonjeza kutipezera.

Kabaza265
Mayi, ndinayankha mokwiya tsiku lija chifukwa cha zanga. Manotsi anga a History ndikadali nawo, makope atatu, ndinawasunga m'chikwama. Ngati angathandize ndiuzeni, ndikapereka kwa kondakitala wa basi yopita kwanuko.

ChokoNdiBolodi
A Kabaza, aoneni kaye ngati akugwirizana ndi silabasi ya panopa, mitu ina inasintha. Mayi, ndilembereni kumbali ndikutumizireni mndandanda wa mitu ya Fomu 3 ndi mapepala a mayeso a zaka zapitazi. Ndili ndi mapu awiri akale a 1:50,000 amene sindikuwagwiritsa ntchito, amodzi ndi a dera la Zomba, akhoza kuphunzirirapo makontuwa.

Mayi_wa_Atatu
Zikomo nonse, ndikulemberani madzulo ano aphunzitsi. A Kabaza, makopewo tumizani, tiwalandira. Mtsikana wanyamuka m'mamawa ndi pepala lolembapo mayina. Pofika dzulo anali atapeza asanu ndi awiri, atsala atatu. Pali mnyamata wina akufunitsitsa koma amaweruka n'kuthamangira kukathirira kudimba, ndiye Loweruka ndikupita ndekha kukalankhula ndi mayi ake.